Mpweya Umene Unatsala M'thanki

Amuna anga analowa m'banja ndi chikwama cha zovala, wailesi yomanga ndi waya, ndi thanki yachitsulo. Chikwama chinang'ambika, wailesi inafa, koma thanki ija ndinakangana nayo zaka zonse zimene tinakhala ku Chilinde. Ndinkaitcha mkazi wamkulu, poti ndinaipeza.

Inali yotalika kufika m'ntchafu mwanga, yonenepa, penti yake yotuwa itasupuka m'malo ambiri. Kulemera kwake, abale, munthu umayamba wapuma kaye usanaidzutse. Asanabwere ku Lilongwe, bambowo ankagwira ntchito kunyanja, kumira pansi pa madzi n'kumagwira tinsomba tamawangamawanga timene azungu amaweta m'magalasi. Pomirapo ankabereka thankiyo kumsana n'kumapuma mpweya wa m'menemo. Ntchito itatha, bwana wawo anawasiyira imodzi yakale, pamodzi ndi paipi yake yokhala ndi choluma pakamwa ndi kawotchi kosonyeza mpweya, kamene iwo ankati geji. M'tauni muno anasanduka wopenta nyumba za anthu. Ine ndinkagulitsa tomato pamsika.

Nyumba yathu ya lendi inali yoti ukatambasula manja wakhudza makoma onse. Thanki inkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo chala changa chakuphazi chinkaidziwa bwino. Ndikapunthwa ndinkalusa. "Bambo, chitsulo chanuchi nyanja yake ili kuti? Mukamira nacho m'ngalande ya kuseriyi? Bwanji owotcherera asatidulire mbaula ziwiri?" Iwo ankangoseka, n'kunena kuti mkazi wamkulu sathamangitsidwa ndi wamng'ono.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankaitulutsa pakhonde, kuipukuta, kumanga paipi ija, n'kutsegula pang'onopang'ono kuti aone muvi wa geji. Ine ndinkakhala pambali ndikusankha nyemba, ndikuwanyogodola, koma makutu anali pompo. Paphewa pa thankiyo panadindidwa manambala m'chitsulo mwenimwenimo. Tsiku lina anandigwira chala n'kuchiyendetsa pamenepo.

"Mayi, werengani apa."

"2400. Ndi kamtanda kumapeto."

"Amenewo ndiwo malire ake. Muvi ukafika pamenepo ndiye kuti yakhuta. Wopitirira apo akudziitanira maliro. Kamtandako kankatanthauza kuti ili yatsopano ankatha kuonjezera pang'ono, koma pano yakalamba, zimenezo ziiwaleni."

Anati kunalinso mathanki ena oonda, opepuka, amene ankawapanikiza mpaka 3000, ndipo anyamata ankawalimbirana poona nambala yaikuluyo. Iwo ankasankha yawoyi. Poti mimba yake ndi yaikulu, ankatero, pa 2400 pomwepo imakhala itanyamula mpweya wambiri kuposa oonda aja, ndiye anzawo akamatuluka m'madzi iwo adakali pansi. Ankanena zimenezi monyada ngati akukamba za ng'ombe ya kwawo. Anandiphunzitsanso kuti muvi ukakhala pakati ndiye kuti mpweya watsala theka, ukagona pa kamsomali ka pansi ndiye kuti zatha.

Zaka zonsezo muvi unkaima pa 500, m'mphepete mwa malo ofiira a pa geji. Unali mpweya wotsala pa tsiku lawo lomaliza kunyanja. Ndinawafunsa kuti osangoumaliza bwanji, thankiyo tipange nayo zina.

"Thanki samaimaliza," anatero. "Ukaisiya yopanda kanthu chinyontho chimalowa, dzimbiri n'kumadya m'kati, iwe ukuona kunja kuli bwinobwino."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chifuwa chinawayamba bambowo m'nyengo yozizira, ife n'kumati ndi fumbi la penti. Koma zinali zaka zimene zija, zaka zoti akalipentala a m'mbali mwa msewu anasiya kukhoma mipando n'kuyamba mabokosi. Mzere wathu wa nyumba sunkapita sabata osayala masamba pamsewu. Kuchipatala anati chifuwa chachikulu, ndi zina zimene nthawi imeneyo sitinkazitchula mokweza. Anagonekedwa. M'chipinda chimenecho ndinaona mabotolo aatali achitsulo ataimikidwa pambali pa mabedi a odwala kwambiri, kapaipi kakulowa m'mphuno. Bambo anawaikirako masiku angapo, ndipo ndinaona ndi maso angawa milomo yawo ikubwerera mtundu. Kenaka anatitulutsa ndi mankhwala, nati tikawasamalire kunyumba, poti odwala anali mpaka pansi.

Kunyumba anayamba kubanika. Munthu amene ankakwera makwerero atanyamula chitini cha penti, tsopano kuchoka pamphasa kufika pakhomo ankayenera kupumira panjira. Kupuma kwawo kunkamveka pakhonde. Ine mantha anandigwira, mantha enieni, oti ngakhale pamsika ndinkapereka tomato osaona amene ndikumupatsa.

Apongozi anga, amayi awo a bambowo, anabwera kuchokera ku Ntcheu ndi ufa m'thumba ndi nkhuku m'manja. Anali munthu wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula, ndipo m'tauni ankayenda ngati akupepesa. Ine ndi iwo sitinkagwirizana zambiri. Kaphikidwe kanga ankati n'kothamanga, ine kawo ndinkati n'kowononga makala. Koma mabotolo a kuchipatala aja nawonso anawaona, ndipo tsiku lina ndikusesa anandilozera kuseri kwa chitseko ndi milomo. Inenso ndinali nditaganiza kale zomwezo.

Ndinagwada pamphasa n'kuwauza bambowo. "Mpweya tili nawo m'nyumba muno. Tikuvutikiranji?"

Anapukusa mutu. Ankalankhula modukizadukiza, mawu awiri n'kupuma. "Si wa kuchipatala uja, Mayi. Ndi mpweya wamba. Womwe mukupumawu. Anangoupanikiza."

"Wamba bwanji? Munthu n'kukhala pansi pa madzi osafa, mukuti wamba? Musandipusitse ine, Bambo. Mukungoumira chitsulo chanucho."

Ndinalankhula mokalipa, ndipo misozi inkatsika ndikukalipa chomwecho. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana amayi awo, amene anaima pakhomo atagwira tsaya.

"Chabwino," anatero. "Tisunge. Likadzafika tsiku loti zafika pakhosi, mudzandipatse."

Kuyambira tsiku limenelo thanki ndinkaipukuta ndine. Ndinaichotsa kuseri kwa chitseko n'kuiimika kumutu kwa mphasa yawo. Paipi ndi geji ndinaziika m'sutikesi pamwamba, kuopa makoswe. Anthu oyandikana nafe anamva, ndipo amayi ena a kutchalitchi akabwera kudzazonda ankaiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti inu ndiye muli ndi mwayi. Inenso ndinkadziona wamwayi. Ndinkatha kupita kumsika chifukwa cha thanki imeneyo. Ndikamva chifuwa chawo chikulira, ndinkadziuza kuti sizinafike, ndipo zikafika tili ndi pothawira. M'nyumba monse chinthu chokha chimene sichinkachepa chinali 500 ameneyo.

Linali tsiku lotentha la mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ndinali pamzere wa madzi pa kiyosiki, ndowa ili kutsogolo, pamene kunamveka phokoso kuchokera kumzere wa nyumba zathu. Silinali kuphulika ayi. Linali kufwiii kwakukulu kosalekeza, kolasa m'makutu. Agalu anayamba kuuwa, amayi ena anataya zidebe n'kuthawa, wina akukuwa kuti gasi, gasi. Ine miyendo inadziwa mutu usanadziwe. Ndinathamanga chitenje chili m'manja.

M'nyumba munali fumbi lokhalokha. Kalendala inali pansi, nsalu yotchinga kuchipinda itakwera kudenga. Apongozi anali atagwada, atakumbatira thanki ija n'kuipendeketsa kuti iloze kumaso kwa mwana wawo, duku litauluka, akulira osamveka chifukwa cha phokosolo. Bambo anali atatembenuzira nkhope kukhoma, dzanja likufufuza m'mwamba, pakamwa pakunena kuti tsekani, tsekani, koma mawu kulibe. Pamene ndinkafika n'kugwira chotsegulira, phokoso linali litatsika kale, likungonong'ona. Chitsulocho chinali chozizira, chonyowa ngati botolo lochokera m'firiji.

Zimene zinachitika n'zakuti bambowo anabanika kwambiri, maso anatembenuka, ndipo apongozi anaona kuti tsiku lija lafika. Za paipi sankazidziwa. Anangoganiza kuti ukatsegula, mpweya upita wokha kwa wodwala.

Ndinatsitsa sutikesi, kumanga geji, n'kutsegula. Muvi unagona pa kamsomali. Ndinaigogoda ndi chala. Sunasunthe.

"Ndimati ndimupatse mwana wanga mpweya," anatero apongozi. "Ndimati ndimupatse."

Mtengwa sakalipira apongozi. Ndinatuluka, kupita kuseri kwa bafa, kuluma chitenje n'kukuwira m'menemo mpaka kukhosi kunawawa. Ndinawada mayi amene uja tsiku limenelo, ndisaname. Mayi wina woyandikana nafe anandipeza n'kundigwira paphewa, nati madzi akatayika saoleka, ndipo ndinafuna kumuponyera mwala. Nditabwerera ndinapeza bambo apezako bwino pang'ono, poti kubanika kuja kunkabwera n'kupita. Koma apongozi anakakhala kuseri kwa nyumba, anakana chakudya, anakana ngakhale madzi. Aliyense wodutsa ankamuuza mawu amodzimodzi: "Ndamupha ndine mwana wanga."

Kutacha ndinabwereka wilibala kwa bambo wogulitsa makala, kuyala thumba, kugoneka thanki, n'kuika paipi ndi geji m'jumbo. Ndinadziuza kuti Lilongwe yense uyu, wa magalimoto ambirimbiri, sangasowe mpweya. Ndinayambira kwa womata matayala pafupi ndi msika wathu, munthu amene ndinkamugulitsa tomato.

Anazungulira thankiyo, kuigogoda ndi sipanala, n'kunena kuti chitsulo ichi ndiye chitsulo. Paipi ya makina ake sinkalowa, ndiye anaimangirira ndi malegeni mpaka inagwira. Makina analira, analira, kenaka anazima okha. Ndinamanga geji. Muvi unangonjenjemera, osachoka pa kamsomali.

"Onjezerani, achimwene."

"Makinawa afika pamapeto, mayi. Akazima chonchi ndiye kuti mphamvu yake yathera pomwepo. Kodi thankiyi imafuna zingati?"

Ndinamuonetsa paphewa paja. Anawerenga, n'kuimba mluzu. "Mayi, tayala la galimoto timapopa 30. La lole, 100 basi. Inu mukuti 2400? Kapena mukayese ku Biwi, kuli makina aakulu."

Ndinakankha wilibala kudutsa Kawale yense. Tayala lake linali lokhota, linkalira njira yonse, ndipo pa bampu iliyonse thanki inkafuna kugudubuka. Makondakitala a minibasi ankakuwa, "Amayi, bomba limenelo mukupita nalo kuti?" Tsiku lina ndikanawayankha zoti akakumbukire mpaka kwawo. Tsiku limenelo ndinalibe malovu. Zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika.

Ku Biwi ndinapeza malo opopa matayala a malole, makina ake aakulu ngati ng'ombe. Mwini wake atamva nkhani yanga sanafunse zambiri, anangomanga n'kuyatsa. Ndinaima ndikupemphera, maso ali pa chitsulo, ngati ndingaone mpweyawo ukulowa. Atazimitsa ndinamanga geji. Muvi unadzuka pa kamsomali mpata woti chikhadabo n'kulowa movutikira. Kuchokera pamenepo kukafika pa 500 paja unali ulendo, ndipo 2400 anali kutsidya lina la kawotchiko.

"Makina athu onse ndi otere, mayi," anatero bamboyo. "Si kukula kwake ayi. Ndi mphamvu yokankhira."

Pafupi pomwepo panali owotcherera zitsulo, ndipo ndinaona mabotolo aatali ofanana ndi a kuchipatala aja. Ndinakankhira wilibala komweko n'kupempha mkulu wa pamalopo, bambo wa imvi wovala magalasi akuda pamphumi, kuti anditsanulireko pang'ono. Anawerama, kununkhiza pakamwa pa thanki, n'kudzuka akupukusa mutu.

"Mwapopetsa kwa a matayala, eti? Muli oilo umu tsopano. Mpweya wa m'botolo langa ukakumana ndi oilo ndi moto, mayi. Komanso langali ndi lamphamvu kuposa nambala yanuyi, ndipo chitsulo chakale chotere m'kati mwake sitikudziwamo. Tingafe tonse pano, inu, ine, ndi awa akudutsawa."

Ndinagwada m'fumbi la makala ndi tizitsulo, mayi wamkulu ndithu, anthu akuona. Ndinati amuna anga akufa. Ndinati ndisenza ndekha mlandu wake. Iye anachotsa magalasi pamphumi n'kumawatembenuza m'manja, osandiyang'ana.

"Pepani, mayi. Makina odzazira zimenezi ali kunyanja komwe inachokerako. Kuno sindinawaonepo."

Kunyanja! Munthu amene ndinamusiya pamphasa uja akanadikira kuti ndipite kunyanja n'kubwera? Ndinakhala pansi pompo kwa kanthawi, nditatsamira wilibala. Ndinaona kuti palibenso kwina kopita, ndipo mphamvu zonse zinandithera. Pobwerera sindikumbuka kuti ndinadutsa njira iti.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Apongozi atamva kulira kwa wilibala anatuluka kuseri kuja, maso atatupa, nandithandiza kulowetsa thanki. Ankangondiyang'ana pakamwa. Bambo anali atatsamira khoma, pilo ali kumsana, mapewa akukwera ndi kutsika.

"Mangani," anatero. "Ndione."

Ndinamanga, kutsegula, n'kuwapatsa geji m'manja. Ndinkafuna kunena kuti ndayesetsa, kuti ndafika mpaka ku Biwi, koma maso awo anali kale pa geji. Anayang'ana muvi uja. Munthu amene anakhala zaka akuwerenga kawotchi kameneko pansi pa madzi, moyo wake uli pomwepo, sakanalakwitsa. Anayang'ana zikhatho zanga. Kenaka anatembenuza geji n'kuivundikira pabulangete.

"Aaa, Mayi," anatero. "Mwadzazitsa ndithu. Kuposa poyamba."

Anaika choluma chija pakamwa n'kukoka. Ine pomwe ndinagwadapo ndinkamva fungo la oilo ndi mphira. Anakoka kachiwiri, kachitatu, maso atatseka, ndipo ndinaona khosi lawo likulimbana ndi chifuwa kuti asatsokomole. Atachotsa anamwetulira amayi awo.

"Ukuzizira bwino, amayi. Wa dzulo uja unali wakale, unali utatha mphamvu. Munachita bwino kuutaya."

Apongozi anagwa chafufumimba n'kuyamba kuthokoza Mulungu m'chilankhulo chosakaniza ndi kulira. Madzulo amenewo anadya. Bambo anandikodola kuti ndiyandikire, n'kunena motsitsa, "Tsekani tsopano. Osaumaliza."

Ndinatseka. Ndipo ndili chogwada pomwepo ndinazindikira kuti zimene anandiuza poyamba zija zinali zoona, kuti unali mpweya wamba, ngakhale wa kunyanja uja. Sukanawathandiza ngakhale thanki ikanadzaza mpaka pa malire ake. Ankadziwa kuyambira tsiku limene anati tisunge. Miyezi yonse ija ine ndinkapita kumsika mtima uli m'malo, iwo ankagona pafupi ndi chitsulo chimene ankadziwa kuti mulibe chowapulumutsa, n'kumandiyang'ana ndikuchipukuta.

Sanapemphenso thankiyo. Kubanika kukabwera apongozi ankati tiwapatse, iwo n'kukweza dzanja kuti sizinafike. Anamwalira sabata isanathe, m'mawa, ine ndikuwaphikira phala.

Tinakawaika ku Ntcheu. Anthu atabalalika, ndikumanga katundu woti ndibwerere ku Chilinde, apongozi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anali atachepa kwambiri m'masiku ochepa amenewo. Anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuyang'ana zipsera za matuza zija.

"Mwana wanga, undiuze zoona. Unali wodzaza, eti? Sanafe chifukwa cha ine?"

"Unali wodzaza, amayi," ndinatero. "Mpaka unatsalako."

Anagwedeza mutu n'kundisiya dzanja. Iwo anakhala ndi mawu amenewo mpaka imfa yawo, ndipo ndikhulupirira kuti ankagona tulo. Ine ndinabwerera m'nyumba ya lendi ija ndekha, n'kupeza thanki ili pomwe tinaisiya, kumutu kwa mphasa. Wogula zitsulo zakale wabwerapo kambirimbiri, ndipo ndimamubweza. Sindiitsegula. Geji ili m'sutikesi, ndipo sindiimanganso, chifukwa anandiphunzitsa kuiwerenga.